Golide wobisika m'kachipangizo koyezera malungo

Kamzere kofiira kamene kamatuluka pa kachipangizo koyezera malungo, a chipatala akadonthezapo magazi a pachala, si utoto. Nthawi zambiri amakhala golide, tizidutswa ta mananomita pafupifupi 40. Milimita imodzi muli mananomita 1,000,000.

Golide akachepa kufika pamenepa amasiya chikasu chake. Kuwala kukamugunda, maelekitironi ake amagwedezeka pamodzi n'kumeza kuwala kobiriwira, ndiye diso limaona kufiira.

Aroma anachita nazo zimenezi asakudziwa chifukwa chake. Ku British Museum, ku London, kuli chikho chagalasi cha Lycurgus chopangidwa zaka za m'ma 300. Ukachiunika kutsogolo n'chobiriwira, ukaika nyali kuseri kwake chimafiira, poti m'galasimo muli tizidutswa ta golide ndi siliva.

Mu 1857, Michael Faraday anapanga madzi ofiira ngati magazi ndipo ananena kuti kufiirako n'kwa golide wosaoneka ndi maso. Mabotolo ake akadalipo ku Royal Institution. Mu 1908, Gustav Mie wa ku Germany anafotokoza ndi masamu mmene tinthu totere timamezera ndi kumwaza kuwala.

Nzeruyi inalowa m'zaumoyo mu 1971, pamene Page Faulk ndi Malcolm Taylor anamatirira golideyu ku ma antibodi, timapuloteni timene thupi limapanga kuti tigwire tizilombo. Antibodi ikagwira chimene ikusaka, golide amaulula pomwe chili. Mu 1983, akatswiri a ku Linköping, ku Sweden, anaonetsa kuti kuwala kogunda pa kachitsulo kopyapyala kumasintha mapuloteni akamatirirapo, ndipo mu 1990 makina a Biacore anayamba kugulitsidwa. Amenewa ndi odula, a m'malabotale ofufuza mankhwala.

Chimene chinafika kumudzi ndi kapepala ka m'kachipangizo koyezera malungo kaja. Magazi amayenda m'kapepalako n'kukumana ndi ma antibodi onyamula golide. Ngati muli puloteni ya kachilombo ka malungo, golide amaunjikana pamzere, ndipo pakatha mphindi 15 kapena 20 yankho laoneka, popanda magetsi kapena maikulosikopu.

Mu 2010, bungwe la WHO linalangiza kuti woganiziridwa malungo aziyezedwa asanalandire mankhwala, ndipo Malawi anayamba kugawa tizipangizoti m'zipatala mu 2011. Toyezera Covid-19 tambiri tinatsata njira yomweyi. Potsatira langizo la WHO lija, mwana akatentha thupi, musathamangire kumupatsa mankhwala a malungo a LA. Kamuyezetseni kaye.