Misa

Mawu akuti Misa amatanthauza mwambo wa Akatolika umene wansembe amapereka nsembe ya Ukaristia. Anachokera ku Chilatini, missa, kutanthauza kutumiza, potengera mawu omaliza ouza anthu kuti azipita.

Ambiri a mipingo ina amangoti mapemphero aliwonse a Akatolika ndi Misa, koma si choncho. Kumidzi komwe wansembe safika Lamulungu lililonse, katekisiti ndiye amatsogolera mapemphero, ndipo imeneyo si Misa.

Mkhristu wa CCAP wopita kuukwati wa mnzake kuparishi amadabwa ndi kugwadagwada, fungo la lubani ndi kabelu kolira wansembe akakweza mkate ndi chikho. Imeneyo ndiye Misa yeniyeni. Mlendoyo amaimba ndi kupemphera nawo, koma nthawi yolandira Ukaristia amangokhala pamalo pake.