Chilimba: Loko Imene Makolo Anadzipangira Okha

Ndalama ili ndi miyendo. Ungalandire K500 pa Chisanu n'kulumbira kuti ndi ya lendi, koma pofika pa Mande yathera ku mabando a intaneti, ku kubetcha, ndi kwa msuweni amene "adzabweza mailo". Vutoli silinayambe ndi mafoni. Makolo athu analiona kale, ndipo mankhwala ake anawatcha chilimba.

Chilimba chinazika mizu m'matauni m'nthawi ya atsamunda, dziko lino likali Northern Rhodesia. Anthu anachoka kumidzi kumene chuma chinali ng'ombe ndi nkhokwe, nafika ku migodi ya ku Copperbelt ndi ku Lusaka kumene chuma chinali malipiro a pamwezi. Ng'ombe sungaidule mwendo kuti ugule mowa, koma malipiro amatha pang'onopang'ono osadziwa. Motero anchito anayamba kupangana: mwezi uno ndikupatsa gawo la malipiro anga, mwezi wamawa undipatsa lako. Mwa njira iyi munthu anali kugula njinga kapena makina osokera. Anzathu ali nazonso: stokvel ku South Africa, mukando ku Zimbabwe, esusu ku Nigeria.

Tiyeni tione masamu ake. Anthu 10 asonkha K100 sabata iliyonse, mmodzi atenga K1,000. Womalizira alandira ndalama yake yomwe, popanda phindu ngakhale ngwee imodzi. Nanga alowerenji? Chimene agula ndi loko. Ndalama ikakhala kwa anzako sungaidye, ndipo wachibale akapempha uli ndi yankho loona: "Ili ku chilimba." Chilango cha wolephera kusonkha ndi manyazi, ndipo m'komboni mmene onse adziwana, manyazi ndi okwera mtengo kuposa faindi.

Zaka za m'ma 1990 zinayesa mwambowu. Mu 1993 mitengo ya zinthu inakwera kuposa kuwirikiza kawiri m'chaka chimodzi. Makampani a boma anagulitsidwa, ambiri anachotsedwa nchito, ndipo mu 1995 banki ya Meridien BIAO inagwa, anthu n'kusowa potengera ndalama zawo. Chilimba sichinafe. Amayi a pamaliketi anali kusonkha tsiku ndi tsiku kapena sabata ndi sabata, pakuti chilimba chikazungulira msanga, kukwera kwa mitengo sikumudya kwambiri womalizira.

Loko ina inachokera ku Niger. Mu 1991 bungwe la CARE linayamba kumeneko magulu a amayi osunga ndi kukongozana ndalama. Njirayi inadziwika ndi bokosi la maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, faindi kwa wochedwa, ndi kugawana pakatha pafupifupi chaka. Njirayi ifanana ndi village banking imene lero ili ponseponse ku Chazanga, Kabanana ndi Chipata, kumene magulu ambiri agawana mu December, January wa mayunifomu ndi mabuku asanafike.

Akatswiri a zachuma anabwera pambuyo kudzayesa zimene amayi anadziwa kale. Ku Philippines, Nava Ashraf, Dean Karlan ndi Wesley Yin anayesa akaunti yotchedwa SEED, imene mwini wake sangatapemo mpaka tsiku kapena ndalama imene anadziikira yekha itakwana. Zotsatira zinatuluka mu 2006: mwa amene anapatsidwa mwayiwu, 28 pa 100 okha ndi amene anavomera, komabe patatha chaka ndalama zosungidwa ndi gululo zinakwera ndi 81 peresenti poyerekeza ndi amene sanapatsidwe. Pambuyo pake Karlan ndi anzake anayambitsa stickK, kumene munthu aika ndalama yake pachikole, ndipo akalephera cholinga chake, yapita.

Mbiriyi itiphunzitsa kuti kudziletsa si mphamvu ya mtima chabe. Ndi kudzimanga pamene mutu uli bwino, kuti tsiku la chilakolako likupeze uli womangidwa kale. Ngati ufuna laisensi yoyendetsa galimoto kapena katundu wa kantemba, tchula cholingacho pamaso pa gulu, lembani malamulo m'buku, ndipo sonkha ndalama imene ungakwanitse ngakhale m'sabata yoipa, kuti usathamangire ku kaloba pofuna kulipira chilimba.

Chenjezo limodzi: gulu la pa WhatsApp la anthu osadziwana, lolonjeza kuti K500 idzakhala K2,000 m'masabata awiri, si chilimba. Chilimba cheniceni sichibereka ndalama. Chimangokutetezera yako kwa iwe mwini.