Za Liu la Cingelezi Lakuti "Smart"

Liu ili lisautsa aphunzitsi athu, pakuti mwana alimva lero ponena za malaya, mawa alimvanso ponena za foni, nafunsa kuti, Kodi malaya ndi foni zifanana bwanji? Tsono tiyeni tilondole mapazi ace a liuli.

Zaka ngati 1,000 zapitazo Angelezi anali ndi mneni wakuti smeortan, ndiko kuwawa, monga liwawa bala pothirapo mcere. Mbale wace akalipo kwa Ajeremani, ndiye Schmerz, kunena ululu. Cinthu ca smart cinali colasa ngati mkwapulo. Kucokera apo liulo linasamukira kwa munthu wacangu, ndipo m'zaka za m'ma 1600 kwa munthu wocenjera, wa mau akuthwa. M'zaka za m'ma 1700 linafika pa zobvala, kunena munthu wobvala mwaudongo, amene ife timati wachena. Tanthauzo limeneli linakhazikika ku Britain, ndilonso linatifika ife m'sukulu. Koma ku America smart ndiye wakuthwa mutu, angakhale abvale nsanza.

Makina analandira liuli kwa Amerika, ndipo ciyambi cace ncomvetsa cisoni. Linamveka m'nkhondo ya ku Vietnam, makamaka mu 1972, pamene anagwetsa mlatho wa Thanh Hoa ndi mabomba otsogozedwa ndi kuwala kwa laser, ochedwa smart bomb. Pambuyo pace linalowa m'nyumba za anthu: IBM inagulitsa foni yace Simon mu 1994, Apple inaturutsa iPhone mu 2007, ndipo mtundu wonse wa mafoni otere uchedwa smartphone.

Cifukwa cace mphunzitsi akapeza liuli m'buku, ayambe waona kumene bukulo linalembedwa, kuti anganene kwa ana kuti munthu wachena, pamene mlembi anati ngwocenjera. Ndipo ponena za makina, ife sitikondwera nako kumasulira kwakuti "foni yanzeru." Pa cinenero cathu nzeru iri ya akulu odziwa kuweruza mlandu, ndiponso m'katekisimu tiichula ponena za Mulungu mwini. Kalulu wa m'nthano timati ngwocenjera, osati wanzeru. Nanga foni, yongocita cimene anaikamo anthu? Pamsika anthu angoti "foni yamakono," ndipo ife tiyesa kuti mau awa akwanira m'kalasi momwe.