Kuvulala kwa Diso

Kuvulala kwa diso ndi ngozi yofunika chithandizo cha kuchipatala tsiku lomwelo. Kawirikawiri kumabwera ndi kachitsulo kothetheka powotcherera, kamtengo powaza nkhuni, mwala wa legeni, ngakhale chibakera. Zoopsa koposa ndi laimu, simenti ndi asidi wa batire, pakuti zimawotcha diso msangamsanga, ndipo laimu amalowerera mkati kuposa asidi. Zikatero, tsukani diso ndi madzi oyera kwa mphindi 20 musananyamuke kupita kuchipatala. Chinthu chikabaya diso musachizule, musatikitenso. Vindikirani disolo ndi kapu osakanikiza. Mkaka wa m'mawere ndi madzi a zitsamba, omwe ambiri amathamangira kudontheza, amangolowetsa tizilombo. Madokotala a maso amapezeka pa zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Nkhoma.