Likulu la miyala ndi likulu la dothi

Ife okhala kuno ku Somerset West tikamapita kumudzi pa basi, tauni ya Masvingo timaidutsa tili m'tulo, titatopa ndi mizere ya pa Beitbridge. Ndinadutsapo kangapo ndisanaganize zotsika. Chaka chatha ndinatsika, basi n'kupitirira ulendo wake wa ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, ine n'kukwera galimoto ina yopita ku mabwinja a Great Zimbabwe, makilomita pafupifupi 30 kuchokera m'tauniyo.

Chimene chimayamba kumugwira mtima mlendo ndi linga lalikulu la m'chigwa. Kuzungulira kwake ndi mamita pafupifupi 250, ndipo pena khoma limatalika mamita 11. Miyala yake inaswedwa m'matanthwe a pafupi, n'kusanjikizidwa popanda matope ogwirizira. Ndinalowa m'kanjira kopanikiza ka pakati pa makoma awiri, mapewa akungotsala pang'ono kukhudza mbali zonse, mpaka ndinatulukira pa nsanja yofanana ndi nkhokwe. Ilibe khomo, m'kati mwake ndi miyala yokhayokha. Mzindawu unakula kuyambira zaka za m'ma 1100, unalemera ndi ng'ombe, golide ndi minyanga, ndipo pofika m'ma 1450 ulemerero wake unali utasamukira kwina. M'nthaka yake munapezeka zidutswa za mbale za ku China ndi ndalama ya ku Kilwa.

Azungu oyamba kuona makomawa anakana kuti munthu wakuda angamange zotere. Carl Mauch, amene anafikapo mu 1871, anawalumikiza ndi Mfumukazi ya ku Sheba. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anakumba n'kutsimikiza kuti omanga anali Aafirika, koma boma la Rhodesia linaumirirabe bodza lakale, mpaka katswiri wina, Peter Garlake, anachoka m'dzikomo mu 1970. Ngakhale mbalame zosema pa mwala za pamalopo zinabedwa. Zina zinakhala m'nyumba yosungiramo zakale ya kuno ku Cape Town mpaka 1981, ndipo imodzi, imene Cecil Rhodes anagula, inakhala zaka zoposa 100 m'nyumba yake ya Groote Schuur, ulendo wosakwana ola limodzi kuchokera pakhomo panga.

Komatu chimene ndinachoka nacho si kutalika kwa makoma. Wondiperekeza anandisonyeza pansi, pamene panatsala zizindikiro za nyumba zozungulira. Zinali za dothi, zofolera ndi udzu. Mafumu a mzinda wotchukawu ankagona m'nyumba zonga za agogo athu. Miyala inali yotchingira ndi yoonetsera ulemu. Nyumbazo zinagwa monga zimagwera nyumba zonse za dothi, linga lokha n'kutsala kuti liziwachitira umboni.

Pomwepo mtima unandithawira kwathu. Nafenso Amaravi tinali ndi likulu, Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene ankakhala Kalonga. Ufumu wake unafika m'madera amene lero ndi Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi Mozambique. Undi anapatuka n'kukakhazikika ku Mano, ndipo n'chifukwa chake inu a ku Katete, a ku Angónia ndi ife a ku Dedza timakumanabe ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba mwezi wa Ogasiti. Koma a Kalonga sanamange ndi miyala. Kalonga Sosola ataphedwa pa nkhondo ndi Ayao m'zaka za m'ma 1860, panalibe khoma loti litsale chilili. Mvula ndi chiswe zinamaliza ntchito.

Kusowa kwa khoma si kusowa kwa mzinda. Yusuf Juwayeyi, katswiri wa Chimalawi wofukula zakale, anakumba pa Mankhamba ndipo zimene anapeza anazilemba m'buku lotuluka mu 2020. Munali mikanda yagalasi yochokera kutsidya la nyanja, zidutswa za mbale za ku China, zinthu zamkuwa ndi zachitsulo, ndi minyanga ya njovu imene ankasema makoza. Ndiye kuti malonda a pa nyanja ya Indian amene analemeretsa mafumu a ku Great Zimbabwe anafikanso pabwalo la Kalonga, ngakhale patapita zaka zambiri. Mkuwa suchokera ku Dedza. Unayenda mtunda wautali m'manja mwa anthu odziwa njira ndi mitengo ya malonda.

Ndikaganiza mofatsa ndimaona kuti Azimbabwe analimbana ndi anthu ofuna kuwalanda mbiri, ndipo mkanganowo unawathandiza kuigwiritsa, mpaka dziko analitcha dzina la bwinjalo mu 1980, mbalame ija n'kuiika pa mbendera. Mankhamba palibe anatilanda. Mwina n'chifukwa chake sitinaone chifukwa choutchingira.

Nditafika kumudzi ndinakwera minibasi ya mumsewu wa Salima. Ndinauza kondakitala, mnyamata wa komweko, kuti anditsitse poyandikira Mankhamba, kwa Kalonga. Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anati, "Bambo, kapena mukunena ku Mua, kwa ansembe?" Mishoni ya Mua inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo chikwangwani chake chili pamsewu.