Angónia: nkhokwe ya Tete ndi mbiri ya voti ya mlimi

Pakati pa Dedza ndi Ntcheu, msewu wa M1 ndiwo malire m'malo ambiri. Pa Lizulu, wogulitsa kachewere kumadzulo kwa msewu ali ku Mozambique, mnzake wa kum'mawa ali ku Malawi, koma chinenero n'chimodzi, maliro amalira limodzi, ndipo kwacha imayenda mbali zonse. Kuseri kwa mapiri amenewo ndi ku Angónia, dera lozizira, la mvula yokwanira, lomwe limadyetsa chigawo cha Tete chimanga, nyemba ndi kachewere. Ndi limodzi mwa maboma okhala ndi anthu ambiri m'chigawochi, choncho chipani chofuna Tete sichingalilambalale.

Malire a 1891, omwe Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana, anadula pakati dziko la Angoni a kwa Maseko omwe anakhazikika cha kuphiri la Domwe. A kwa Gomani anatsala ku Nyasaland, a kwa Zintambira anagwera m'manja mwa Apwitikizi. Atsamunda anatenga minda yachonde kuzungulira Vila Coutinho, tauni yomwe lero ndi Ulongwe, ndipo amuna ambiri ankathawa msonkho ndi chibalo n'kupita kukagwira ntchito ku Nyasaland, ku Southern Rhodesia ndi ku Joni.

Ufulu utabwera mu 1975, alimi ankayembekeza kuti minda ya makolo awo ibwerera. Sizinatero. Boma la Frelimo linasonkhanitsa mafamu omwe azungu anasiya n'kupanga famu yaikulu ya boma yotchedwa CAIA, ya mathirakitala ndi antchito olipidwa, pomwe mlimi wa khasu ankasowa kogula khasu lenilenilo. Masitolo a amwenye ndi Apwitikizi omwe ankagula mbewu anatsekedwa. Munthu amagulitsa chimanga n'kulandira ndalama yosagula mchere, sopo kapena nsalu, motero ambiri ankangosenza thumba usiku kupita nalo ku Dedza. Mafumu anachotsedwa, m'malo mwawo munalowa alembi a chipani, ndipo mabanja ankakakamizidwa kusamukira m'midzi yokhalira pamodzi, kutali ndi madimba awo. Msonkhano waukulu wachinayi wa Frelimo mu 1983 unavomereza kuti mafamu a boma alephera ndipo mlimi wamng'ono ananyalanyazidwa, koma zinali zitachedwa kale. Ine ndimaona kuti pano m'pamene pali muzu wa nkhani yonse: gulu la Renamo, lomwe linkamenyana ndi boma, linapeza anthu okhumudwa kale.

Izi sizikuyeretsa Renamo. Nkhondo ya pachiweniweni itafika ku mapiriwa m'zaka za m'ma 1980, asilikali a mbali zonse analanda ziweto, kuotcha nkhokwe ndi kupha anthu osalakwa. Midzi yambiri inatsala mabwinja anthu atakhamukira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo pofika 1992 Malawi inkasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anabwerera n'kukapeza minda itamera tchire, ina italowedwa ndi eni atsopano.

Pachisankho choyamba cha zipani zambiri mu 1994, Renamo inatenga mipando 9 mwa 15 ya Tete ku nyumba ya malamulo, ndipo Angónia inali pakati pa madera omwe anaipatsa mphamvu. Mu 1999 inatenga 10 mwa 18. Frelimo inamva uthengawo. Lamulo la mu 2000 linabwezera ulemu mafumu, ndipo kuyambira 2006 boma la Armando Guebuza linkapereka ndalama zokwana mametikali 7 miliyoni ku boma lililonse kuti anthu azikongola, ngakhale otsutsa ankadandaula kuti zinkapita kwa a khadi la chipani.

Nthawi yomweyo fodya wa bale anali atafalikira. Kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, yomwe ili ndi fakitale mumzinda wa Tete, imapereka mbewu ndi feteleza pangongole, ndipo mlimi amayenera kugulitsa fodya wake kwa iyo yokha, ngongole n'kudulidwa pamalipiro. Malata, njinga zamoto ndi zigayo zinachuluka m'midzi. Koma wogula akakhala mmodzi, ndiye amanena giredi ndi mtengo, ndipo chaka choipa mlimi amabwerera kunyumba ndi chiphaso chokha. Wa chimanga naye ali m'manja mwa mavenda, amene amagula motchipa nthawi yokolola, ambiri n'kuolotsera ku Malawi. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mlimi wa ku Domwe amene anasunga makwacha anasauka usiku umodzi chifukwa cha chiganizo cha boma lomwe salivotera n'komwe.

Zotsatira za zisankho za ku Tete ziyenera kuwerengedwa mosamala. Mu 2004 Frelimo inalumpha kufika pa mipando 14 mwa 18, koma oonerera chisankho anadabwa ndi malo ena m'boma la Changara komwe pafupifupi aliyense wolembetsa akuti anavota, ndipo pafupifupi onse anavotera chipani chimodzi. Mu 2014 Afonso Dhlakama wa Renamo anaposa Filipe Nyusi wa Frelimo pa mavoti a upulezidenti m'chigawochi, ndipo ku Tsangano, boma loyandikana ndi Angónia, zipangizo zovotera zinaotchedwa. Mkangano wotsatira unabweretsanso mfuti, ndipo mu 2015 ndi 2016 anthu masauzande ochokera cha ku Moatize anathawira ku Kapise m'boma la Mwanza, kenako n'kusamutsidwira ku Luwani ku Neno.

Mu 2019 Frelimo inalengezedwa kuti yapambana m'zigawo zonse, Tete yomwe. Pa 9 October 2024 ambiri mwa ovota ku Angónia anali achinyamata obadwa nkhondo itatha, amene CAIA amangoimva kwa agogo awo. Daniel Chapo wa Frelimo analengezedwa wopambana, Venâncio Mondlane, mmodzi wa opikisana naye, anakana zotsatira, ndipo zionetsero zinafika pachimake mu December, nyengo ya kupalira, pomwe mafuta anasowa ndipo magalimoto a katundu anaima pamsewu wa ku Tete.