Wolima Wina, Wokolola Wina: Mpando wa Kochi wa Flames Kuyambira 1984

Malawi yapitapo ku Africa Cup of Nations katatu kokha: 1984 ku Ivory Coast, 2010 ku Angola, ndi mpikisano wa 2021 womwe udaseweredwa kumayambiriro kwa 2022 ku Cameroon. Maulendo atatu onsewo, amene adaigulira timu malo anali kochi wa konkuno. Koma mwa atatuwo, mmodzi yekha ndiye adakafika ku mpikisanowo akadali pa mpando wake. Awiri enawo adalima, kupalira, kubandira, ndipo chimanga chitacha adauzidwa kuti chikwanje apatsire wina.

Ambirife 1984 tidali tisanabadwe, ndiye tiyambe cham'mbuyo pang'ono. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 Flames inali m'manja mwa Ted Powell wa ku England. Bambo ameneyu adakhalitsa, ndipo adatenga chikho cha East and Central Africa kawiri motsatizana: 1978 konkuno, pomwe tidachinya Zambia mu fainolo, ndi 1979 ku Kenya. Kutsogolo kwa timu imeneyo kunali mnyamata wina wotchedwa Kinnah Phiri. Powell atabwerera kwawo adakaphunzitsa timu ya England ya osapitirira zaka 18 imene idatenga chikho cha ku Ulaya mu 1993, momwe munali ana ngati Paul Scholes ndi Robbie Fowler. Sanali munthu wongotoledwa pa bwalo la ndege ayi. Komabe ndimaona ngati kupambana kwakeko kudatisiyira chizolowezi: zinthu zikafika pa ukulu, maso athu amathamangira kunja.

Powell atachoka, timu idatsala ndi Henry Moyo, ndipo ndi iyeyu amene adaifikitsa ku Afcon koyamba m'mbiri yathu. Koma ku Bouaké mu Malichi 1984, pa benchi padakhala Danny McLennan wa ku Scotland, kochi woyendayenda amene adaphunzitsapo matimu a mayiko ambirimbiri. Tidagonja 3-0 kwa Algeria, tidalepherana 2-2 ndi Nigeria, kenako Ghana idatichinya 1-0. Poyinti imodzi, basi kubwerera. Palibe angalumbire kuti Moyo akanachita bwino kuposa pamenepo. Nkhani ndi yoti sanapatsidwe mpata woyesa. Patangopita zaka zitatu, Mmalawi wina, Reuben Malola, adabweretsa mendulo ya bronze kuchokera ku All Africa Games ku Nairobi, ndipo mu 1988 chikho cha East and Central chidabweranso kachitatu.

Kenako kudagwa chilala cha zaka 26. Makochi ankabwera ndi kupita, akunja ndi akonkuno. Mu 2008 Stephen Constantine wa ku England atatula pansi udindo, FAM idaitana Kinnah. Amene tinali ku sekondale nthawi imeneyo kapena kumapeto kwa pulayimale timakumbukira chigoli cha Chiukepo Msowoya chakumathero kwenikweni pa Kamuzu Stadium, Egypt ili ndi chikho cha Africa m'manja. Timakumbukiranso Okutobala 2009, Jacob Ngwira atagoletsa Ivory Coast mpaka Didier Drogba adachita kudzutsidwa pa benchi kuti adzabweze. Ndipo pa 11 Januwale 2010 ku Luanda, Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda adaimwetsa Algeria 3-0, Algeria yomwe inali itadzigulira kale malo ku World Cup ya chaka chomwecho. Ngongole ya ku Bouaké idabwezedwa ndendende, chigoli pa chigoli. Angola ndi Mali adatitulutsa, inde, koma ulendo umenewo wolima ndi yemwe adakolola.

Kinnah adachotsedwa kumayambiriro kwa 2013, ndipo chomwe chidatsatira chinali ngati mpando wa mu minibasi ya Mchinji–Lilongwe, wina kutsika pa Kamwendo wina kukwera pa Namitete. Eddington Ng'onamo, Tom Saintfiet, Young Chimodzi, Ernest Mtawali, Nsanzurwimo Ramadhan, kenako Ronny Van Geneugden wa ku Belgium kuyambira 2017 mpaka 2019. Pa mndandandawu dzina la Saintfiet lisungeni. Adabwera mu 2013 kudzakhala miyezi yowerengeka, cholinga chili chimodzi, kukachinya Nigeria ku Calabar. Tidagonja 2-0, iye nkunyamula chikwama.

Tsono nkhani yomwe imandiwawabe ndi ya Meke Mwase. Pa 29 Malichi 2021 Richard Mbulu adagoletsa ndi mutu, Uganda idagwa 1-0 pa Kamuzu Stadium, ndipo Flames idadzigulira malo ku Cameroon. Mu Disembala chaka chomwecho, kutatsala mwezi umodzi wokha, FAM ya a Walter Nyamilandu idakweza Mario Marinica wa ku Romania, yemwe adangobwera kumene ngati mkulu woona za luso, kuti atsogolere timu. Mwase adasanduka womuthandizira.

Tinene chilungamo, FAM sidangodzuka nazo. Pakati pa Seputembala ndi Novembala timu idasewera masewero asanu ndi limodzi odzigulira malo ku World Cup, nkupambana amodzi okha, a Mozambique. Ena onse kugonja. Anthu amene lero amalira Mwase, ena mwa iwo ndi omwe ankamutukwana pa Facebook miyezi imeneyo. Ndipo Marinica sanangokhala: adatenga anyamata kupita nawo ku kampu ku Saudi Arabia, nkuwasintha kaseweredwe kuti asiye kupatsirana kosathera kwina, mpira uzipita kutsogolo mwachangu.

Koma mbiri imadziwa kuseka. Marinica adapezeka ndi Covid, ndipo masewero awiri oyamba ku Bafoussam pa benchi adaimirira ndi Mwase yemwe uja. Guinea idatichinya 1-0, kenako pa 14 Januwale Gabadinho Mhango adagoletsa ziwiri, Zimbabwe idagwa 2-1. Ndi kupambana kokhako komwe tidapeza mu mpikisano wonse. Marinica atachira tidalepherana 0-0 ndi Senegal, imene pamapeto pake idatenga chikho, ndipo kwa nthawi yoyamba tidadutsa ndime ya m'magulu. Morocco idatitulutsa 2-1 ku Yaoundé, Gaba atawaopseza kaye ndi chigoli chija chochokera kutali. Ndiye ulemu upite kwa ndani? Mpaka lero m'mavidiyo shoo a pa Boma nkhaniyi ikayamba, masewero omwe anthu alipirira aja amaiwalika.

Kuno ku Mchinji mkangano wa mtundu umenewu sutha popanda wina kutchula Zambia. Chipata ili pafupi nafe kuposa Lilongwe, ndipo achibale athu a tsidya lina la Mwami salola kuti tiiwale 2012. Amati onani, ife tidaitana mzungu nkutenga chikho. Ndipo nzoona kuti nawonso adachita zomwe zija: Dario Bonetti wa ku Italy adaigulira Chipolopolo malo mu Okutobala 2011, ndipo patangopita masiku ochepa FAZ ya Kalusha Bwalya idamuchotsa nkuika Hervé Renard. Pa 12 Febuluwale 2012 ku Libreville, pafupi ndi pomwe ndege ya timu yawo idagwera m'nyanja mu 1993, Stoppila Sunzu adamwetsa penate yomaliza, 8-7, Ivory Coast ikuyang'ana.

Chomwe asuweni athuwa satchula nchakuti Renard sanali mlendo. Adaiphunzitsa kale timuyo kuyambira 2008 mpaka 2010, adaifikitsa mu makotafainolo ku Angola konkuja, ndipo Christopher Katongo, Kennedy Mweene ndi anzawo ankawadziwa bwinobwino. Kalusha adachotsa mzungu amene adakhala ndi timu chaka chimodzi nkubwezera mzungu amene adaiumba. Ife mu 1984 ndi 2021 tidachita zosemphana: kuchotsa wodziwa anyamata nkuika wongofika kumene. Saintfiet uja, amene kuno adangodutsa ngati mvula ya chizimalupsa, Gambia idamutenga mu 2018 nkumusunga. Ku Cameroon konkuja adaifikitsa mu makotafainolo, ulendo wake woyamba ku Afcon.

Ngakhale ku rugby, masewero omwe kuno ambiri timangowaona pa DStv anthu akukankhana, a ku Zimbabwe adadutsa njira yofanana. Mu Febuluwale 2018 adalemba ntchito Peter de Villiers, dzina lalikulu zedi, munthu woyamba wosakhala mzungu kuphunzitsa Springboks ya South Africa, amene mu 2009 adagonjetsa British and Irish Lions komanso kutenga Tri Nations. Cholinga chinali World Cup ya 2019. Sizidatheke. Chomwe dziko lidakumbukira chaka chimenecho ndi zithunzi za osewera a Sables atagona panja mumsewu ku Tunisia atakana malo ogona omwe adapatsidwa, ndipo mu 2019 De Villiers adachotsedwa. Mu 2024 adapereka timu kwa mwana wa kwawo, Piet Benade, wosadziwika kwenikweni kunja kwa Harare. Adatenga Rugby Africa Cup chaka chomwecho, adamusiya apitirize, ndipo mu Julayi 2025 ku Kampala adachinya Namibia 30-28 nkudzigulira malo ku World Cup ya 2027 ku Australia, koyamba chichokereni 1991. Benade ndi mzungu wa ku Zimbabwe, De Villiers si mzungu koma ndi wakunja. Amene amakonda kuiona nkhaniyi ngati ya khungu, pamenepa mutu uwazungulira.

Kwathu kuno Marinica adatsala pa mpando mpaka 2023, zotsatira zitayamba kuvuta. Adalowa Patrick Mabedi, kaputeni wakale wa Kaizer Chiefs, amene adafikitsa timu mu masemifainolo a Cosafa chaka chomwecho koma nkuchotsedwa mu Okutobala 2024, kontrakiti isanathe. Apa FAM, tsopano ili m'manja mwa a Fleetwood Haiya, idatembenukira kwa Kalisto Pasuwa. Pasipoti yake ndi ya Zimbabwe, ndipo ndi amene adapititsa Warriors ku Afcon ya 2017. Koma pomwe ankapatsidwa Flames nkuti atakhala ku Blantyre chiyambire 2018, akutenga ligi ndi Bullets chaka ndi chaka, ndipo ambiri mwa anyamata amene ankayenera kuwaitana anali oti wawaphunzitsapo kapena walimbana nawo pa Kamuzu Stadium, pa Bingu ndi pa Karonga.